Bambo akutsokomola magazi atawaika pacemaker

Abale, ndithandizeni maganizo. Bambo anga awaika pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino) m'munsi mwa phewa lamanzere chifukwa mtima wawo umagunda pang'onopang'ono kwambiri. Chitulukireni ku opareshoni akutsokomola makhololo a magazi ofiira, mpaka kansalu kopukutira pakamwa tikumachapa pafupipafupi. Adokotala akuti singano yobayira mtsempha polowetsa mawaya a pacemaker nthawi zina imakhudza nsonga ya phapo, komanso mankhwala a warfarin amene bambo amamwa amachedwetsa magazi kuundana. Bambo adakali m'chipatala, X-ray awajambula kale.

Alipo amene zoterezi zinachitikira m'bale wake? Magaziwo anasiya okha, kapena anachita kulowetsa paipi m'chifuwa? Nanga warfarin madokotala anamuyambitsanso liti? Mayi sakugona ndi nkhawa. Mawa adokotala akamazungulira m'wodi ndiwafunse chiyani?