Thandizeni: chimbalangondo choyera cha mapepala chikungokhota miyendo

Madamu_Chipoka

Moni nonse muno. Ndine mphunzitsi pa pulayimale ina kuno ku Chipoka, ndili ndi Sitandade 6. Sabata yatha timakambirana za kusintha kwa nyengo ndiye ndinawaonetsa ana chithunzi cha chimbalangondo choyera chija chimakhala ku Arctic, dera lozizira kwambiri la kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, chitaima pa kachidutswa ka ayisi pakati pa nyanja, kalasi yonse kuunjikana pa foni imodzi ena mpaka kukwera pa desiki. Kamtsikana kena kanandifunsa kuti madamu, chimenechi chimakula ngati galu kapena ngati ng'ombe? Funsoli linandikhudza, chifukwa ana athuwa ayisi amene amamudziwa ndi wa mafilizesi basi. Ndiye ndinati tipange chathu cha mapepala choti azichigwira ndi manja, paja ku koleji anatiphunzitsa za TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu lomwe.

Ndayesa kunyumba, ndinakwinya manyuzi nkumanga ndi ulusi, kenako ndinamata mapepala ndi phala la ufa woyera. Patangotha masiku awiri miyendo yakhota, mimba yafika pansi, chayamba kununkha chuku ndipo usiku mphemvu zadya khutu limodzi. Ndalakwitsa pati? Komanso kuti chiyere ndiike chani, ndimaganiza zomata thonje poti kwathu kuno silisowa.

Mmisiri_wa_ku_Linga

Madamu, choyamba ndi phalalo. Ufa wa chimanga sugwira bwino, pezani ufa wa chinangwa uja timaphikira kondowole kuno ku Nkhotakota, umenewo ndiye guluu weniweni. Sungunulani masipuni awiri kapena atatu m'madzi ozizira kaye, kenako thirani m'kapu imodzi ndi theka ya madzi owira mukutakasa osasiya mpaka lisinthe mtundu lizioneka ngati galasi komanso lizinanda mukakweza mthiko. Likhale lopyapyala kuposa phala la mwana. Ponyanimo sipuni ya mchere, umachepetsako chuku. Ndipo muziphika la tsiku lomwelo, lachigonera limasasa.

Chachiwiri chinthu chanucho chilibe mafupa. Itanani anyamata aja amapanga galimoto za mawaya m'kalasi mwanumo, alipo ndithu, awa akupindirani msana, khosi ndi miyendo inayi pa mphindi zochepa. Miyendoyo muivekenso katoni yokulunga ngati paipi, waya atulukire pansi mubowole katoni yolimba nkumupinda kuseri kuti chiime nji. Mukatero ndiye muzikulunga manyuzi okwinya ndi kumanga.

Mapepala omata musadule ndi sizasi, muzing'amba ndi manja, mulifupi ngati zala ziwiri, chifukwa ong'amba m'mphepete mwake mumagona bwino osaoneka mizere. Mukaviika muzikulula phala ndi zala. Ndiye apa mpamene ambiri amapupuluma: mukamata ulendo umodzi chiumitseni kaye gwa musanabwereze, maulendo 3 kapena 4 akwana. Inu ndikukhulupirira munamata zonse tsiku limodzi, kunja kunauma mkati muli chinyezi. Chiikeni pa thandala mphepo izipita pansi ngati momwe timayanikira usipa, dzuwa la ku Salima limenelo tsiku limodzi chauma. Usiku chipachikeni ndi chingwe kudenga kapena muchivindikire ndi beseni.

Bambo_a_Tadala_Senga_Bay

Za phala achimwene a ku Linga anena kale, ine ndiwonjezere za maonekedwe, chifukwa mukapanda kusamala ana adzati ndi nkhumba yoyera. Ine nyama imeneyi ndimaikonda kwambiri, ndakhala ndikuonera mapulogalamu ake pa TV kuyambira kale.

Khosi lake ndi lalitali, mutu ndi waung'ono wosongokera kutsogolo mukayerekeza ndi thupi, makutu ndi ting'onoting'ono tozungulira, mchira ndi kachinthu kakafupi koti mwina osakaona nkomwe. Kumbuyo kumakhala kokwererako kuposa mapewa, ndiye miyendo yakumbuyo muitalikitseko pang'ono. Koma mapazi musaumire, akhale aakulu ophwatalala, enieniwo amafika masentimita 30 mulifupi, kutalika kwa lula ya mwana wa sukulu. Amachithandiza kuyenda pa ayisi wopyapyala osamira komanso akutsogolo ndi amene chimapalasira posambira ngati nkhafi. Ndipo mapazi aakuluwo akuthandizaninso inu kuti chisagwe.

Kamtsikana kaja mukakauze kuti chachimuna chimalemera makilogalamu pakati pa 350 ndi 700, titenge chapakatikati cha 500, amenewo ndi matumba 10 a chimanga. Chachikazi ndi pafupifupi theka lake. Chachimuna chachikulu chikaima ndi miyendo iwiri chimayandikira mamita 3, mukalembe mzere pa khoma la kalasi ana aimepo adziyeze. Chodabwitsa nchoti mwana wake amabadwa osakwana ngakhale kilogalamu imodzi, m'dzenje limene mayi amakumba mu snow (ayisi wofewa wogwa kuchokera kumwamba), kawirikawiri amabadwa awiri.

China chimene ana chidzawasangalatse, khungu lake ndi lakuda bii! Ubweyawo ulibe mtundu, ndi wamphako mkati ndipo umangooneka woyera chifukwa cha kuwala. Khungu lakudalo limaonekera pa mphuno ndi kupansi kwa mapazi. Pamenepo sinjani makala musakanize ndi phala lomwelo mupake.

Pempho langa limodzi madamu, musaikepo penguin, mbalame ija yakuda ndi yoyera yosauluka, pambali pake. Pa zithunzi zambiri amaziika pamodzi koma sizikumana, ma penguin ali kum'mwera kwa dziko, ena ali konkuno ku South Africa, pomwe chimbalangondochi chili kumpoto kokha: Canada komwe kuli zambiri, Alaska, Greenland, Russia ndi zilumba za Svalbard za dziko la Norway. Ngati mukufuna china pambali pangani seal, ili ngati katumbu wamkulu wonenepa wopanda miyendo yeniyeni, ndiye ndiwo yake. Chimamudikirira pa bowo la pa ayisi pomwe amatulukira kudzapuma. Apa mpomwe phunziro lanu lagona, ayisi wa panyanja akasungunuka msanga chimasowa poima posaka, chimakhala miyezi kumtunda chikudalira mafuta a m'thupi mwake.

NaPhiri_Khombedza

Ine za thonje ndikukanizani madamu, ndinayesapo pa nkhosa ya Khirisimasi ku Sande sukulu. Tsiku loyamba imakongola zedi koma ndi fumbi lathu lino sabata ziwiri yasanduka yofiira, ana akamaigwira thonje limathothoka, mapeto ake makoswe anatuta kukamangira zisa. Ulendo womaliza matani mapepala oyera, aja otsala a mayeso mbali yosalembedwa ikhale kunja, kawiri kuti zilembo za nyuzi zisaonekere. Mukafuna ubweya ng'ambani tishu tizidutswa nkumamata kuyambira kumchira kupita kumutu, tizisanjikizana ngati udzu wofolera nyumba. Laimu yekha ayi, amasuka ngati ufa.

Komanso kalasi yonse singagwire chinthu chimodzi, ena adzangoonerera. Apatseni aliyense kachidutswa ka manila kapena katoni ya sopo, apinde pakati, popindapo ndiye msana, ajambule mbali imodzi ya nyamayo nkudula mapepala onse awiri limodzi osadula msanawo. Akatambasula pang'ono chimaima chokha ndi miyendo inayi. Popinda khosi ayambe adutsitsapo bolopeni yotha inki motsatira lula, pamapindika mowongoka.

Bambo_a_Tadala_Senga_Bay

Mayi NaPhiri, fumbilo lisakuopseni kwambiri, zenizenizo nazonso sizikhala zoyera mbee chaka chonse, ubweya umapita kuchikasu makamaka nyengo yotentha. Koma za makoswe ndagonja, tishu ndiye bwino.

Madamu_Chipoka

Ndabweranso, zikomo kwambiri nonse. Ufa wa chinangwa ndinaupeza pamsika, ndipo mafupa anapinda ndi anyamata awiri amene nthawi zonse amakhala kumbuyo osayankha kanthu m'kalasi, mukanaona mmene amalamulira anzawo kuti gwira apa, khosi litalike! Tamata katatu, lero ndi tsiku lachinayi chili pa thandala ndipo ndikachigogoda chikulira ngati chikho chouma. Mzere wa mamita 3 tinalemba, unakafika pafupi ndi malata, ana anangoti kukamwa yasa. Kamtsikana kaja ndiye kakuumba seal, kakuti kamuika mutu wokha utatulukira pa bowo. Achimwene a ku Linga ndifunsenso, pansi pa mimba sipakuuma bwino ngati pamsana, ndichigoneke chagada kapena chiphwanyika?

Mmisiri_wa_ku_Linga

Chigonekeni madamu, koma pa nsanza kapena m'beseni la gaga kuti msana usaphwatalale. Ngati pakadali pofewa bowolani timabowo tiwiri ndi msomali mphepo ilowe, mudzatseka ndi pepala loyera lomaliza lija.