Pamene mawu akugundana mu Jesu Tawa Pano, ndikonze kapena ndisiye?

NaPhiri wa ku Mufakose

Moni nonse. Ndimaphunzitsa kwaya ya kumpingo kwathu kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Tilipo 23, ndipo ambiri ndi ana obadwira konkuno, aja amamva Chichewa bwinobwino koma akapsa mtima amayankha m'Chishona. Mwezi wamawa tili ndi chopereka cha masika, ndiye tasankha kulowa m'tchalitchi ndi nyimbo ya Chishona ya malemu Patrick Matsikenyiri, Jesu Tawa Pano.

Loweruka lapitali tinatha pafupifupi ola lathunthu pamalo amodzi. Pali pena pamene manotsi awiri amayandikana kwambiri mpaka kugundana, moti mtsikana wina anatseka khutu ndi chala kuti mnzake asamusokoneze. Ine ndinaganiza kuti fotokope yathu ndiyo yolakwika, popeza pepalalo lakopedwa kambirimbiri mpaka madontho ena sakuoneka. Ndinatenga pensulo n'kusuntha notsi imodzi. Zinayenda myaa. Koma abambo ena a besi, amene sakonda kuyankhula, anangoti, "Mayi, ndiwo mwathira madzi." Usiku wonse mawu amenewa anandikhala pamtima.

Kodi anailemba choncho dala? Komanso akuluampingo ena akufuna tiyimbe m'Chichewa. Mungandilangize bwanji?

Mphunzitsi Wopuma, Highfield

Mayi Phiri, fufutani pensuloyo. Pepala lanu lilibe mlandu, ndipo si inu oyamba kufuna kukonza pamenepo. Azungu ena atafuna kuisindikiza nyimboyi kwawo anafunsanso mwiniwake ngati panali cholakwika. Iye anakana kusintha, n'kuwauza kuti akanadziwa mikangano imene dziko lino ladutsamo, kugundana pang'ono kwa mawu sikukanawadetsa nkhawa. Abambo anu a besi aja ali ndi khutu.

Munthuyu sanali wongopeka nyimbo mwamwayi ayi. Anabadwa mu 1937 ku Biriiri, chakumapiri a Chimanimani, ndipo anagwira choko zaka zambiri, mpaka kukhala mphunzitsi wamkulu, uku akuphunzitsa makwaya a mpingo wa United Methodist. Maphunziro apamwamba a nyimbo anakawachita atakula kale, ku Shenandoah University ku Virginia. Ife aphunzitsi akale zimenezi zimatikhudza, chifukwa pa msinkhu umenewo ambiri a ife tinali titayamba kale kuwerenga zaka zotsala kuti tipume. Atabwerako anakaphunzitsa ku Africa University ku Old Mutare, sukulu imene inatsegulidwa mu 1992, ndipo kwaya ya kumeneko, imene inkapita kukaimba ku America, ndiye anaiumba. Mu 2006 kunatuluka buku la nyimbo zake 16 lotchedwa Njalo. Anatisiya mu Januwale 2021, nthawi ija ya Covid pamene pamaliro sitinkasonkhana ambiri.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti nyimboyi ili m'buku la nyimbo la Church of Scotland la 2005. Taganizani, kumene kunachokera amishoni a ku Blantyre ndi Livingstonia, amene anaphunzitsa makolo athu do re mi, lero akuimba Chishona. Ndiye ife a ku Harare tiyiwongole?

Tenala wa Budiriro

Ine sindidziwa mbiri ngati agogo pamwambapa, koma vuto ndikuliona. Mukuiyimba ngati ya m'buku la Nyimbo za Mulungu, pang'onopang'ono, aliyense ataima njo maso papepala. Mukatero kugundanako kumakhalitsa ndipo kumapwetekadi khutu. Bweretsani ng'oma ndi maseche, hosho zija amagulitsa ku Mbare Musika, mapepala asiye pabenchi, aziyenda akuimba. Pamalo pajapo mudzangodutsa ngati kombi pabampu. Ndipo musaiwale wotsogolera woponya "Mambo Jesu" kumapeto kwa mzere, chifukwa ndi amene amabweza anthu poyambira.

Amake Tadala, Dzivarasekwa

Za manotsi ndasiyira eni ake, ine ndiyankhe za chilankhulo. Akuluampingowo musawaone ngati ovuta. Amayi anga anabwera kuchokera ku Dedza ali mtsikana, anakalambira m'nyumba za azungu ku Avondale, ndipo sabata yonse ankayankhula zilankhulo za eni. Lamulungu lokha ndi limene ankapemphera m'chinenero chawo. Anthu otere ukawachotsera Chichewa pakhomo penipeni pa tchalitchi, amamva ngati awalandanso china.

Mwayi wake nyimboyi imalola. "Tawa pano" ndi "tili pano" n'zofanana kutalika, simusowa kuwonjezera notsi. Povuta ndi pa "muzita renyu". Mukati "m'dzina lanu" msangamsanga mupeza kuti patsala notsi imodzi yopanda chonena, ndiye auzeni atchule "mu dzina lanu" momveka, zikwana ndendende. Musayese "tabwera pano", ife tinayesa ndipo masoprano ankameza "bwe" ngati mbatata yotentha.

Koma ndime yoyamba ikhale ya Chishona. Mwini nyimbo apatsidwe ulemu wake, ndipo anawo ayambe ndi chimene chili pakamwa pawo kale.

Mphunzitsi Wopuma, Highfield

Amake Tadala mwanena zoona, koma ine "Mambo Jesu" sindingamusinthe ngakhale m'ndime ya Chichewa. "Mfumu Yesu" ndi wolondola, komabe "mfu" uja amatsekera mawu m'milomo, safika kumbuyo kwa tchalitchi ngati "ma". Yesani nokha muli kubafa mumve.

NaPhiri wa ku Mufakose

Zikomo nonse, makamaka bambo a ku Highfield. Dzulo ndinafufuta pensulo ija pamaso pa kwaya yonse, ndipo abambo a besi anangoyang'ana kudenga ngati sizikuwakhudza. Tinaimba tikuzungulira panja ndi ng'oma imodzi, maseche tinabwereka kwa amayi a Chigwirizano. Mtsikana uja chala sanachiikenso kukhutu, manja onse anali pamaseche. Tagwirizana ndime ziwiri za Chishona ndi ziwiri za Chichewa. Za "Mfumu Yesu" sitinamvane, mkulu wampingo wina wakakamira, ndiye wotsogolera wathu akuti aziponya mosinthanasinthana mpaka wina atope. Alipo amene ali ndi buku la Njalo kuno ku Harare? Ndikufuna ndilione ndisanasankhe ya Khirisimasi.