Kodi nkhalango yabwino yoonerako mbalame kumapeto kwa chilimwe tingaipeze bwanji?

Namzeze:

Abale okonda mbalame, ndikupempha nzeru zanu. Ndili kudera lakutali ndi nyanja, kumaiko a kumpoto kumene chilimwe chimatha mu Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Seputembala. Nkhalango zimene mu Meyi zinali phokoso lokhalokha la mbalame tsopano zangoti zii, ndipo malangizo ambiri amene ndikupeza akunena za magombe ndi madambo, kumene ine sindingafike kawirikawiri. Kodi posankha nkhalango yakumtunda m'nyengo ino munthu aziyang'ana chiyani, kapena ndi bwino kungodikira nyengo ina?

Gogomole:

A Namzeze, musadikire ayi, chifukwa mbalamezo zilimo, ndipo ndi zambiri kuposa mu Meyi popeza ana amene anaswedwa chaka chino atuluka kale m'zisa. Chimene chatha ndi nyimbo basi. Yamphongo imaimba pofuna kukopa yaikazi ndi kuteteza malo ake, choncho kuswa kukatha ilibenso chifukwa choimbira. Nthawi yomweyonso mbalame zambiri zimathothoka nthenga zakale ndi kumera zatsopano, ntchito imene imadya mphamvu ndipo imachepetsa liwiro pouluka, motero zimakonda kubisala m'zitsamba zowirira.

Chifukwa cha zimenezi, musalowe m'kati mwenimweni mwa nkhalango, mmene mitengo yaphimbiratu dzuwa ndipo pansi palibe chomera. Funani m'mphepete, pamene nkhalango ikukumana ndi tchire kapena munda, ndiponso mipata imene yatsala pamene mtengo waukulu unagwa kapena pamene padutsa njira yotakata. M'mphepete moyang'ana kum'mawa ndi mmene ine ndimayambira, chifukwa dzuwa limafika mmenemo poyamba, tizilombo timayamba kuuluka, ndipo mbalame zodya tizilombo zimatulukira poyera. Ngati pamalo otero pali zitsamba za zipatso zakupsa, ndiye kuti mwapeza pokhala. Mbalame zimene zikukonzekera ulendo wautali zimadya zipatso kuti zinenepe, ngakhale zina mwa zimene masiku onse zimadalira mbozi ndi tizilombo.

Chachiwiri ndi madzi. Kukauma, kamtsinje kapena kadziwe kosaya kamene kali pamthunzi kamasonkhanitsa mbalame za nkhalango yonse. Khalani pansi chapatali, mutatsamira mtengo kuti thupi lanu lisaonekere, ndipo mudzaona kambalame katera panthambi yam'munsi, n'kuyang'ana uku ndi uku, kenako n'kutsikira pamwala wonyowa ndi kuviika chifuwa m'madzi uku kakukupiza mapiko. Nkhalango yobzalidwa ya mtundu umodzi, mitengo yake ya msinkhu wofanana, kawirikawiri imakhala ndi mitundu yochepa. Yabwino ndi ya mitengo yosakanikirana, yakale ndi yaing'ono, yokhalanso ndi mitengo youma ya mphako imene anthu sanaidule.

Kadzidzi:

Ndikugwirizana ndi a Gogomole, ndipo ndingowonjezera mmene mungapezere malo otero musanachoke pakhomo. Pa eBird, webusaiti yolembapo mbalame zimene anthu aona, imene inayambitsidwa mu 2002 ndi Cornell Lab of Ornithology pamodzi ndi National Audubon Society, pali mapu a malo amene anthu amaonerako mbalame, ndipo pamalo alionse mutha kuona mitundu imene inalembedwa sabata ndi sabata chaka chonse. Musatengeke ndi chiwerengero cha chaka chonse, koma yang'anani masabata a Ogasiti ndi Seputembala okha, chifukwa malo otchuka mu Meyi akhoza kukhala opanda kanthu tsopano. Mukatero, tsegulani zithunzi za setilaiti pa Google Maps kuti muone pamene mtsinje ukudutsa m'nkhalango ndi pamene pali mipata. Mitengo yotsatira chigwa cha mtsinje ndi yofunika kwambiri, popeza mbalame zing'onozing'ono zambiri zimasamuka usiku, ndipo kukamacha zimatera m'malo otero kuti zidye ndi kupuma.

Pumbwa:

A Kadzidzi anena zoona, komabe ine mapu amenewo sindiwadalira kwambiri pankhani ya nkhalango. Amasonyeza kumene anthu amapita, osati kumene mbalame zili, ndipo m'nyengo ino anthu ambiri amathamangira kumagombe kukaona mbalame za m'madzi. Kankhalango kamene palibe amene analembapo kanthu sikuti n'kopanda mbalame. Mwina palibe amene anapitako mu Ogasiti.

Chimene ndikufuna kutsindika ndi kayendedwe ka mbalame m'nyengo ino. Kuswa kukatha, timbalame ta mitundu yosiyanasiyana timaphatikizana m'gulu limodzi ndi kumayendayenda m'nkhalango pofuna chakudya. Zotsatira zake n'zakuti munthu akhoza kuyenda nthawi yaitali osaona kanthu, kenako mwadzidzidzi mitengo yomuzungulira n'kudzaza ndi timbalame, ndipo posakhalitsa tonse n'kupita. Amene sadziwa zimenezi amabwerera msanga n'kumati malowo ndi oipa. Mukamva timawu tatifupi, takuthwa, tikuyankhana m'nthambi zam'mwamba, imani, muone kumene gululo likulowera, ndipo mukalidikire kutsogolo kwake m'malo molithamangira pambuyo. Yang'anani mbalame iliyonse m'gulumo, chifukwa yachilendo imene ili paulendo imakonda kudziphatika m'magulu otere.

Pa zida, zoonera patali za 8x42 (zokuza chinthu kasanu ndi katatu, za magalasi akutsogolo a mamilimita 42) ndi zokwanira, popeza zimaonetsa malo otakata ndipo zimalowetsa kuwala kokwanira pamthunzi; zokuza kwambiri zimavuta kulondolera nazo kambalame kodumphadumpha m'masamba. Pulogalamu ya pafoni ya Merlin, imene kuyambira mu 2021 imazindikira mbalame pomva mawu ake, imathandiza, koma mawu aafupi ndi kulira kwa ana opempha chakudya nthawi zina zimaisokoneza, choncho musalembe dzina la mbalame musanaione ndi maso. Ana a chaka chino nawonso amasokoneza, chifukwa ambiri nthenga zawo ndi zofuwirira kapena zamawangamawanga, zosiyana ndi za makolo awo. Valaninso thalauzi ndi sokosi zazitali, chifukwa m'mphepete mwa nkhalango, mu udzu wautali, ndi mmene nkhupakupa zimachulukira.

Namzeze:

Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'ana zithunzi za setilaiti monga mwa malangizo a a Kadzidzi, ndipo ndaona kankhalango kotsatira mtsinje kamene pa eBird sikanalembedwe n'komwe. Funso limene latsala ndi la nthawi: kodi pamadzi ndi bwino kukhalapo m'mamawa, kapena masana dzuwa litatentha?

Gogomole:

M'mamawa yambani ndi m'mphepete moyang'ana kum'mawa, ndipo pamadzi mupite dzuwa likakwera, chifukwa kutentha kukakula mbalame zimasiya kufunafuna chakudya poyera ndi kutsikira kukamwa ndi kusamba. Chakumadzulo zimabweranso, koma pamthunzi kuwala kumakhala kochepa, ndipo kusiyanitsa mitundu kumavuta.