Lithograph ya Karel Appel ya mayuro 900: ndigule?

Nangondo: Wogulitsa wina ku Amsterdam ali ndi lithograph (chithunzi chodindidwa pamwala) ya Appel, wojambula wa ku Netherlands, ya m'ma 1970. Ndi mphaka, koma maso okha ndiwo akuoneka bwino, thupi lasungunukira mu utoto wofiira ndi wabuluu. Yasainidwa ndi pensulo, 43/100 (ya nambala 43 mwa makope 100). Akufuna mayuro 900.

Mbiya: Mayi, musatumize kaye ndalama. Aichotse mufulemu, aijambule pansi pa galasi lokulitsa ka 10. Mukaona timadontho tondandana ngati ta zithunzi za m'nyuzipepala, imeneyo ndi offset, positala chabe. Yodindidwa pamwala inki yake imakhala yogwirana, ndipo mitundu iwiri ikakumana umodzi umakwera pang'ono pa unzake. Aunikenso pepalalo muone chidindo cha Arches kapena BFK Rives, mayina a mapepala odindapo zithunzi zotere. Ngati m'mphepete anadulamo kuti ikwane mufulemu, mtengo watsika kale.

Chiphadzuwa: Pensulo aliyense ali nayo kunyumba. Ogulitsa amenewa ndi akuba, yanga anachita kusainira okha pa positala. Satifiketi yolembedwa ndi wogulitsa yemweyo ndi pepala lokulungira mandasi.

Kalulu: Inu mukukangana za m'ma 1970? CoBrA, gulu la ojambula lomwe Appel analimo, inayamba 1948 n'kutha 1951. Appel weniweni ndi wa nthawi imeneyo, pomwe ana ndi nyama zinkachita kulimbana ndi utoto kuti zioneke. Pambuyo pake ankangobwereza zomwezo. Ine pakhoma panga pali Asger Jorn, wa mu CoBrA momwemo, zinazi sindiyang'anako.

Mbiya: Akulu, Jorn wanuyo sanafunsidwe.

Nachisale: 900 yachuluka, ku okushoni 500 mupeza. Kapena tengani Corneille, mnzake wa mu CoBrA momwemo. Mbalame, akazi ndi dzuwa anadinda zambirimbiri, sizidula.

Mbiya: 500 yake iti? Onjezani ya nyumba ya okushoni, pafupifupi kotala ya mtengowo, kenako yotumizira. Galasi lotchinga UV (kuwala kwa dzuwa kofwifwitsa utoto) ndi katoni yopanda asidi nazonso n'zolipira. Katoni wamba imasiya mzere wabulauni kuzungulira chithunzi, dzuwa limayamba kudya wofiira ndi wachikasu, chinyontho chimabweretsa timawanga.

Kalulu: Wofuna phindu agule za wojambula Nicolas de Staël. Chithunzi chake cha 1952, Parc des Princes, chinapita mayuro 20 miliyoni ku okushoni ya Christie's mu 2019.

Chiphadzuwa: Mwina mubwereke mayiwa 20 miliyoniyo, bwana.

Nangondo: Wogulitsa akuti fulemu satsegula, kumbuyo anamata.

Nachisale: Muuzeni 400 ndiye, mumve.