Kodi ndisiye WebGL n'kupita ku WebGPU kuti tsamba langa la 3D lisamadukeduke pa foni?

Wophunzira3D:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndapanga tsamba la pa intaneti limene munthu amayendamo m'nyumba yoonetsera zojambula ngati kuti alimo ndithu, ndipo ndagwiritsa ntchito Three.js, chida chopangira zithunzi za 3D pa intaneti. Pa kompyuta zonse zikuyenda bwino, koma pa foni chithunzi chimadukaduka, foniyo imatentha, ndipo nthawi zina browser imangotseka tsambalo. Popeza WebGL, njira imene browser imajambulira 3D patsamba langali, idatuluka kalekale mu 2011, kodi vuto lingakhale ukalamba wake?

MmisiriWaGPU:
Musathamangire kusintha, chifukwa ndikukayika ngati WebGL ili ndi mlandu. N'zoona kuti WebGPU, njira yatsopano yojambulira 3D imene idayamba kupezeka mu Chrome 113 mu 2023, imapeputsa ntchito ya CPU (ubongo wa foni) potumiza malangizo ku GPU (gawo lojambula zithunzi), koma siichepetsa katundu amene mwasenzetsa foniyo. Kutseka kwa tsambalo kukundiuza kuti memory ikutha, ndipo ine ndingayambe kuyang'ana ma texture anu, zithunzi zimene mumakuta nazo zinthu za 3D.

Anthu ambiri amanyengedwa ndi kuchepa kwa fayilo ya JPEG, osadziwa kuti ikafika mu GPU imafutukulidwa yonse. Chithunzi cha mapikiselo 4096 m'litali ndi 4096 m'lifupi, pikiselo iliyonse ikatenga mabayiti anayi, chimadya 64 MB, ndipo ma mipmap, amene ndi makope ang'onoang'ono a chithunzicho, amawonjezerapo gawo limodzi mwa magawo atatu. Mukapachika zojambula khumi zotere pakhoma, mwapitirira kale 800 MB. Zichepetseni kufika pa 1024 kapena 2048, kenako muzisunge mu KTX2, mtundu wa fayilo ya zithunzi imene imakhalabe yopanikizidwa ngakhale mkati mwa GPU. Draco, imene imapanikiza maonekedwe a zinthu za 3D, ndi yothandiza, koma imangofupikitsa nthawi yodikira kuti fayilo ya glTF yosunga zinthuzo ifike.

Kachipangizo:
Ndikugwirizana nawo, ndipo ndiwonjezere za kudukadukako. Kuti maso aone kuyenda kosalala pamafunika mafulemu 60 pa sekondi, kutanthauza kuti fulemu iliyonse ili ndi mamilisekondi 16.7 okha. Onani renderer.info mu Three.js kuti mudziwe ma draw call (malangizo ouza GPU kuti ijambule chinthu) amene mukutumiza, ndipo zinthu zofanana monga mipando ndi nyali muziphatikize ndi InstancedMesh, imene imazijambula zonse ndi draw call imodzi. Komanso musalole setPixelRatio, imene imalamulira kuchuluka kwa mapikiselo ojambulidwa, kupitirira 2, pakuti mafoni ambiri ali ndi 3, ndipo pamenepo GPU imajambula mapikiselo ochuluka kasanu ndi kanayi poyerekeza ndi 1.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti alipo anthu amene amachita chizungulire kamera ikamayenda yokha, choncho chonde lemekezani prefers-reduced-motion, chizindikiro chosonyeza kuti munthu wasankha kuchepetsa zinthu zoyendayenda pa sikirini.

Wophunzira3D:
Zikomo kwambiri nonse. Ndapeza kuti zojambula zanga zonse zinali za 4096, ngakhale zimene munthu amangoziona chapatali. Nditazichepetsa tsambalo lasiya kutseka, ngakhale kuti foni ikutenthabe pang'ono. Mawa ndiyesa kuzimitsa mithunzi imene imawerengedwa pa fulemu iliyonse, n'kuijambuliratu mu texture kuchokera mu Blender, pulogalamu yopangira zinthu za 3D, popeza nyali za m'nyumbamo sizisuntha.