Adona akuti ndimete ndevu za hatchi, anzanga akuti ndisayerekeze. Ndithandizeni nzeru

Membala wosadzitchula dzina

Abale anga pa gulu lino, makamaka inu amene mumagwira ntchito m'makola a mahatchi kuno ku Joni, ndabwera ndi funso. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo ntchito yosamalira mahatchi ndinayamba chaka chatha pa pulazi ina cha ku Kyalami. Kupesa, kusambitsa, kuchotsa dothi m'ziboda ndi kuyeretsa khola ndazolowera, koma mashini ometera sindinawagwirepo pa hatchi.

Pali hatchi imodzi yofiirira imene mwana wa adona amakwera polumpha mipanda. Mwezi wamawa akupita nayo ku mpikisano. Adona andiuza kuti isanapite ndiimete thupi lonse, ndichotse ndevu za kukamwa ndi zija zazitali za pamwamba pa maso, komanso ndiyeretse m'makutu kuti muoneke mosalala. Akuti ali mtsikana mahatchi onse a mpikisano ankawachita choncho. Koma bambo wina wa ku Zimbabwe amene wakhalitsa pa khola loyandikana nafe wandiletsa, akuti ndevu za hatchi sazikhudza.

Mtima wanga sukukhazikika. Hatchiyi ndimaikonda, imandidziwa ngakhale ndi mapazi ndikamabwera m'mawa, ndipo sindifuna kuipweteka. Komanso ntchito ndi imene ikudyetsa ana kumudzi, sindingangoti "ayi" kwa adona popanda chifukwa chomveka. Tili mu Meyi, kuzizira kwayamba kale. Kodi ndimete? Ngati ndi choncho, ndimete pati, ndisiye pati?

Mkulu wa ku Glenferness

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanayatse mashiniwo. Mu funso lanu muli nkhani ziwiri zosiyana, musaziphatikize. Ubweya wa pathupi ndi nkhani ina, ndevu ndi nkhani inanso.

Ndevu musamete. Si ubweya wamba ayi. Iliyonse imachokera mkati mwa khungu, pa kathumba ka magazi kozunguliridwa ndi mitsempha, moti ikangokhudzidwa pang'ono hatchi imamva. Maso a hatchi ali m'mbali mwa mutu, choncho chimene chili pansi pa mphuno yake siichiona. Ikamadya msipu usiku, ikamafufuza chakudya m'chidebe, ikamayandikira waya kapena khoma, ndevuzo ndi zimene zimaiuza kuti apa pali chinthu. Zili ngati zala za munthu amene akupapasa m'nyumba magetsi atazima. Zija za pamwamba pa maso ndi zimene zimaichititsa kuphethira chinthu chisanalase diso. Diso la hatchi likavulala, chithandizo chake chimatenga nthawi komanso ndalama zambiri.

Pometa penipenipo siimva ululu, nchifukwa chake anthu ambiri amati palibe vuto. Koma mukatero mwaichotsera chida chimene imagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo kuti zimerenso mpaka kutalika monga kale pamapita masabata ambiri.

Wa ku Mangochi

Akulu, ine ndisiyana nanu pang'ono. Ndagwira ntchito imeneyi zaka zambiri, ndinayambira kwa mahatchi othamanga ku Turffontein, kenako ndinapita kwa a mipikisano yoonetsa kukongola. Kumeneko tinkameta ndevu ndi lumo usiku woti mawa ndi mpikisano, ndipo sindinaonepo hatchi itasiya kudya chifukwa cha zimenezo. Mwini hatchi ndi adona. Mnyamatayu akatsutsana nawo, amene adzalipire lendi yake ndi ndani? Tisamuike m'mavuto.

Mkulu wa ku Glenferness

Bambo a ku Mangochi, sindikukana kuti kale tinkaona zimenezo paliponse. Koma malamulo anasintha. Bungwe la FEI, limene limayendetsa mipikisano ya mahatchi pa dziko lonse, linaletsa kumeta ndevu kuyambira pa 1 Julayi 2021. Hatchi yometedwa ndevu za kukamwa kapena za m'maso amaichotsa mu mpikisano wawo, pokhapokha ngati dokotala wa ziweto ndiye anachotsa pofuna kuichiritsa. Ku Germany analetsa kalekale, mu 1998, ndipo ku Switzerland nakonso nzoletsedwa. Bungwe la kuno la South African Equestrian Federation lili pansi pa FEI yomweyo. Ndiye mnyamatayu akamasiya ndevu sakutsutsana ndi adona ayi, akuwateteza. Taganizani, alipira ndalama yolowera, alipira galimoto yonyamula hatchi, mwana wakonzekera miyezi yonse, kenako akamubweze pa chipata chifukwa cha ndevu. Tsiku limenelo mlandu udzagwera amene anagwira mashini.

Wa ku Mangochi

Za 2021 ndazimva, pamenepo ndavomera. Koma pa thupi ndiye sindisuntha: hatchi yolumpha m'nyengo yozizira iyenera kumetedwa.

Mayi wa ku Midrand

Ndimathandizira pa chipatala cha ziweto, ndipo mahatchi ndimawaona pafupifupi tsiku lililonse. Mwana wanga, za ndevu akuuzani kale. Ine ndilankhule za makutu, chifukwa anthu amazipeputsa.

Ubweya wa mkati mwa khutu ndi umene umatchinga ntchentche, fumbi, njere za udzu ndi madzi a mvula. Kuno ku Gauteng chilimwe chonse ndi fumbi lokhalokha, udzu nkuuma, ndiye dzinja likafika ntchentche ndi nkhupakupa zimachuluka. Hatchi yometedwa m'makutu imayamba kupukusa mutu, ina mpaka kukana kuti muigwire kumutu povala zingwe. Ngati adona akufuna ukhondo, pindani khutu mofatsa kuti m'mbali mwake mukumane, kenako dulani ndi sizasi yosasongoka ubweya wokhawo umene watulukira kunja. Mkati musalowemo. Khutu limaoneka bwino ndithu mukatero.

Chinanso, musaiwale matenda oopsa a mahatchi otchedwa African horse sickness. Amafalitsidwa ndi touluka tating'onoting'ono totchedwa Culicoides, timene timaluma kuyambira madzulo mpaka m'bandakucha. Timachuluka kumapeto kwa mvula, cha mu Febuluwale mpaka Meyi, ndipo timatha chisanu choyamba choundana pa udzu chikagwa. Ngati kwanuko chisanu sichinagwe, hatchi yometedwa thupi ilowe m'khola dzuwa lisanalowe, ndipo muziipopera mankhwala othamangitsa tizilombo. Katemera wa matendawa, wochokera ku Onderstepoort kumene amapanga katemera wa ziweto, amabayidwa pakati pa 1 Juni ndi 31 Okutobala, mabotolo awiri otalikirana masabata osachepera atatu. Akumbutseni adona kuti akambirane ndi dokotala masiku a katemerayo poyerekeza ndi tsiku la mpikisano.

Membala wosadzitchula dzina

Zikomo kwambiri amayi, zikomo akuluakulu nonse. Ndevu ndi mkati mwa makutu ndamva. Nanga thupi? Hatchiyi imakwezedwa masiku asanu pa sabata, madzulo mwana akaweruka kusukulu. Imabwera itanyowa ndi thukuta, ndipo ubweya wake wakula kwambiri moti mdima umagwa isanaume. Ndimaipukuta ndi matawulo koma pansi pa mimba ndi pachifuwa pamakhalabe ponyowa.

Wa ku Mangochi

Ndi zimene ndimanena zija. Ubweya wa chisanu umayamba kukula masiku akayamba kufupika, hatchi siyembekeza kuti kuzizire kaye. Ubweya umenewo ndi wabwino kwa hatchi yongokhala kubusa. Koma yogwira ntchito madzulo nkulowa m'khola ili chinyowere, pamene Joni ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 ndipo mu Juni ndi Julayi m'mawa mwina kumazizira kufika pansi pa 0, imeneyo mukuiitanira chifuwa. Yometedwa imauma msanga.

Koma simukuyenera kumeta thupi lonse. Funsani kaye funso ili: mabulangeti a hatchiyi alipo angati? Mukachotsa ubweya, ndiye kuti inuyo mwatenga udindo woifunditsa usiku uliwonse ndi kuivula m'mawa dzuwa likatentha, chifukwa kuno masana kumafunda ngakhale mu Julayi. Ngati pali bulangeti limodzi lopyapyala, musayerekeze kumeta yonse.

Kwa hatchi ngati yanuyo ndingasankhe kametedwe kamene azungu amati trace clip: mumachotsa kunsi kwa khosi, pachifuwa, pamimba ndi m'munsi mwa nthiti, msana ndi miyendo nkusiya. Ngati thukuta likadali lambiri, pali blanket clip, pamene mumameta khosi lonse ndi mapewa nkusiya pamsana ndi m'chiuno. Hunter clip ndi ya hatchi yogwira ntchito yolemetsa, mumangosiya miyendo ndi pokhala chishalo. Yambani ndi pang'ono. Kuonjezera nkotheka sabata yotsatira, koma ubweya umene wagwa pansi simungaubwezeretse.

Mnyamata wa ku Diepsloot

Ase, popeza ndi koyamba, tamvera izi. Usambitse hatchi dzulo lake masana kuli dzuwa, iume bwinobwino. Ubweya wa fumbi umabunthitsa mipeni ya mashini, ndiye imayamba kukoka m'malo modula, hatchi nkuyamba kuvuta. Jambula mizere ndi choko mbali zonse ziwiri usanayambe. Yatsa mashini uli chapatali kuti izolowere phokoso, kenako uyambire paphewa, osati kumutu kapena kumimba. Umete mopita kosemphana ndi kumene ubweya wagonera. Mphindi khumi zilizonse thira mafuta, ndipo uziyesa mpeniwo kuseri kwa dzanja lako. Ukatentha kwa iwe, watenthanso kwa hatchi, zimitsa udikire. M'khwapa khungu ndi lofewa komanso lamakwinya, pamafunika munthu wina akoke mwendo kutsogolo kuti likunguke. Chingwe cha magetsi chisakhale pamene hatchi ingachiponde.

Bambo wa ku Zimbabwe uja umupemphe aime nawe. Usachite wekha.

Mayi wa ku Midrand

Ndionjezere kamodzi kwa ena amene akuwerenga. Mukaona hatchi yokalamba ili ndi ubweya wautali wopotana umene sukuthothoka ngakhale kwatentha mu Okutobala, musangoimeta nkukhala chete. Nthawi zambiri chimenecho ndi chizindikiro cha matenda a Cushing's, ndipo amayenda limodzi ndi vuto la ziboda lotchedwa laminitis. Kumeta kumaipepukitsa ndithu, koma dokotala aipime magazi.

Ubweya wa kuseri kwa mwendo, pamwamba pa chiboda, musaupale mpaka pakhungu. Kuudulira pang'ono ndi sizasi ndi chipeso kwakwana.

Mlongo wa ku Zomba

Achimwene, ine za mahatchi ndimangoonera patali, ndimagwira ntchito m'nyumba ku Beaulieu. Koma za kulankhula ndi adona ndikuzidziwa. Musawauze pamaso pa mwana wawo kapena pa alendo, ndipo musayambe ndi mawu oti simuchita. Apezeni ali okha, muwauze kuti thupi mumeta, makutu muwakonza m'mbali, pamene pamadutsa chingwe kuseri kwa makutu mudula bwino, koma mwamva kuti ndevu zinaletsedwa ndi FEI mu 2021 ndipo mukuopa kuti mwana angamubweze. Apempheni afunse kwa mphunzitsi wa mwanayo kapena kwa okonza mpikisano. Akamva kuchokera kwa anthu amenewo sadzakuonani ngati wamwano, adzaona kuti mumasamala katundu wawo.

Membala wosadzitchula dzina

Achemwali, mawu amenewa ndi amene ndimasowa. Ndilankhula nawo Loweruka akabwera kukhola. Funso lomaliza kwa a ku Mangochi: mpikisano uli pakati pa Juni, ndimete liti?

Wa ku Mangochi

Siyani masabata awiri mpikisano usanafike. Hatchi ikangometedwa kumene, mizere ya mashini imaonekera ndipo mtundu wake umatuwa, makamaka yofiirira ngati yanuyo. Pakatha masabata awiri khungu limakhala litazolowera ndipo ubweya wayamba kuwala. Mukangomaliza kumeta, ipukuteni ndi kansalu konyika m'madzi ofunda kuti tiubweya totsalira tisaiyabwe, kenako muifunditse nthawi yomweyo. Mabulangeti akhale atachapidwa ndi kuuma tsikulo lisanafike, ndipo mipeni ya mashini ikanoledwe sabata ino, chifukwa nyengo ino onola amakhala ndi ntchito yambiri.