Tonde wa Boer wandifera, koma zachikuda zili gwa

Woweta wa ku Ngabu:
Anzanga oweta, ndithandizeni nzeru, mtima ukundiwawa. Mwezi wathawu ndinagula tonde wa Boer, mtundu wa mbuzi zikuluzikulu za nyama, kumtunda, ndalama zake zinali za thonje la chaka chonse. Atangotha masabata atatu m'khola mwanga anatentha thupi, n'kusiya kudya, kenako n'kumangozungulira pamodzimodzi. Usiku wachiwiri anagwa chammbali, miyendo ikupalasa ngati ali panjinga, kukucha atauma. Titamusenda tinapeza kathumba ka mtima katadzaza madzi achikasu. Chondizunguza mutu n'chakuti mbuzi zanga zachikuda 14 zimadya naye limodzi, zina nkhupakupa zili mbwee kunsi kwa mchira ndi pakati pa ziboda, koma palibe yodwala. Kodi matendawa anabwera nawo?

Mlangizi wa ziweto wopuma, Nchalo:
Pepani achimwene. Mmene mwafotokozeramu, amenewo ndi matenda a madzi mumtima, heartwater, ndipo ine ndikuona kuti anawapeza kwanu komweko. Amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Ehrlichia ruminantium, amene amayenda ndi nkhupakupa ya mawangamawanga ija, ya mlomo wautali ndi miyendo ya mizeremizere. Dzina lake ndi Amblyomma variegatum, ndipo zikuluzikulu zake zimachuluka nthawi ya dzinja.

Mbuzi zanu sizikudwala chifukwa zinalumidwa kale zili zazing'ono. Chiweto chongobadwa kumene chimapirira matendawa kwa kanthawi: thole pafupifupi masabata anayi, kamwana ka mbuzi sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Chikalumidwa nthawi imeneyo thupi limaphunzira kulimbana nawo osadwala kwenikweni. Komatu chitetezocho sichichotseratu tizilomboto. Timatsalira pang'ono m'thupi kwa miyezi, chiweto chikuoneka chonenepa bwinobwino. Nkhupakupa imeneyi imayamwa katatu pa moyo wake, pa ziweto zosiyana. Nkhupakupayo ikadali yaing'ono, ikayamwa pa mbuzi yanu imatenga tizilomboto, imagwera m'udzu, imafundula, kenako imakwera pa chiweto china n'kukatithira. Tonde wanuyo anafika thupi lake lisanakumanepo nato.

Mayi woweta ng'ombe, Bangula:
Alangizi anena zoona, ine zinandionekera. Chaka china ndinalimbikira kupopera ng'ombe sabata iliyonse, osalola ngakhale nkhupakupa imodzi. Matole anakula osalala, anthu n'kumandiyamikira. Madzi atasefukira mankhwala anasowa miyezi iwiri, ng'ombe tinazisamutsira kumtunda n'kusakanikirana ndi za anzathu. Zinafa zitatu, zonse za msinkhu umene unakula wosalumidwa uja. Mayi awo okalamba sanadwale n'komwe. Kuyambira pamenepo ndimapopera ndikaona kuti zachuluka, makamaka pabere, chifukwa mlomo wa nkhupakupa imeneyi umasiya chilonda choti mpaka kuwononga nsonga ya bere. Ndaonanso kuti zathu za linunda ndi za Brahman sizidzadza nkhupakupa ngati zamkaka zachizungu. Zimadzinyambita, ndipo zambiri zimagwa zisanakhute.

Woweta wa ku Ngabu:
Zikomo alangizi, zikomo mayi. Ndiye kuti ndingoiwala za Boer? Ndimafunatu ana olemera pamsika.

Mlangizi wa ziweto wopuma, Nchalo:
Ayi achimwene, musagwe mphwayi. Funani tonde wosakaniza wobadwira kuno kuchigwa, amene wadya udzu wa m'mbali mwa Shire kuyambira ali wamng'ono. Mukagulabe wakutali, m'mangireni khola lake, muzimupopera ndi kumusecha pakati pa ziboda, ndipo mugule thermometer. Muzimuyeza m'mawa uliwonse dzuwa lisanakwere, kwa mwezi wathunthu, poti masana a ku Ngabu amakwezanso kutentha kwa thupi. Zikapitirira madigiri 40, itanani alangizi tsiku lomwelo abaye oxytetracycline. Jakisoni ameneyu amagwira bwino chiweto chisanayambe kuzungulira, chikagwa pansi kuchira kumavuta. Singano yake isayende pa ziweto zingapo osawiritsa, chifukwa matenda a ndulu a ng'ombe amafala choncho.